Kalumo ka mwana wa pakomboni ku Umbria

Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umamveka bwino pabwalo la milandu. Eni mudzi akhoza kukangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, aliyense atakakamira pake, kenaka munthu wapaulendo amene anangopatuka kudzapempha madzi akumwa n'kuponyapo mawu awiri, mlandu n'kutha. Malumo a eni mudzi anabuntha chifukwa chometa mitu yomweyomweyo chaka ndi chaka. Wobwerayo amaona zimene eni ake anasiya kuziona kalekale.

M'mapulazi a Mashonaland ku Zimbabwe, kuyambira ku Centenary ndi Mvurwi mpaka ku Banket, Trelawney ndi Karoi, muli anthu amene akhala akutchedwa alendo kwa mibadwo itatu, ena inayi. Makolo awo anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Tete ndi ku Chipata, kutsata ntchito ya fodya. Oyambirira anayenda wapansi kwa masabata. Otsatira anakwera malole a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia linayambitsa m'zaka za m'ma 1930 kuti azinyamula ofuna ntchito kwaulere, ndipo ena analembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito lomwe linakhazikitsidwa mu 1946. Kwawo anawatcha matchona. Kumene anafikako anawatcha mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, chikhalirecho ambiri a iwo mzinda wa Blantyre sanauponde n'kamodzi komwe. Pali mwambi wina wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame awa sanakamuke. Anakwatirana, anabereka, anakumba manda m'mphepete mwa minda ya azungu, anatsegula madambwe m'nkhalango za m'mapulazi, ndipo mpaka lero gule wamkulu amatuluka pamaliro ku Mvurwi monga amatulukira ku Dowa.

Ana a m'makomboni ofika ku yunivesite ndi owerengeka. Sukulu zambiri za pamapulazi zinkalekezera ku pulayimale, ndipo nyengo yothyola fodya ikafika manja a ana ankafunika kumunda. Komabe njira ya pakati pa Mashonaland ndi Italy ilipo, ndipo inapondedwa mbali zonse ziwiri. Dr Luisa Guidotti, dokotala wa ku Modena, anafika ku Rhodesia mu 1966 ndipo anatumikira pachipatala cha mishoni ya All Souls ku Mutoko, boma limene mumadutsa msewu womwe Achewa ndi Ayao ankalowera pochokera ku Tete. Asilikali a Rhodesia anamuwombera pa 6 Julaye 1979 akuyendetsa ambulansi. Lero chipatalacho chimatchedwa dzina lake. Dr Elizabeth Tarira, mwana wa m'Zimbabwe momwemo, anakaphunzira udokotala ku Italy, nabwerera kudzatsogolera chipatala cha St Albert's pafupi ndi Centenary, chimene chimalandira odwala a m'chigwa cha Zambezi ndi a m'mapulazi ozungulira. Anamwalira mu 2012.

Tsono timuone m'maganizo mtsikana mmodzi woyenda njira imeneyi. Anabadwira pakomboni ina kufupi ndi Mvurwi. Kunyumba amayankhula Chichewa, panjira Chishona, m'kalasi Chingerezi, ndipo mwayi wa maphunziro wamufikitsa ku Perugia, likulu la chigawo cha Umbria, kumene alendo ambiri amayamba aphunzira Chitaliyana pa Università per Stranieri asanalowe maphunziro awo enieni. Sukuluyi ili m'nyumba yotchedwa Palazzo Gallenga, pafupi ndi chipata chamiyala chimene anthu a mtundu wa Etruscan anamanga zaka zoposa 2,200 zapitazo. Amayi onyamula majumbo a zogula akudutsabe pansi pake osatukula n'komwe mutu.

Masabata oyamba ndi odyetsa maso. Mzindawu unakhala pamwamba pa phiri, ndipo misewu yake yambiri ndi masitepe okhaokha. Wochokera kumunsi amakwera makwerero oyenda okha odutsa m'mimba mwa Rocca Paolina, linga limene Papa Paul III anamanga m'zaka za m'ma 1540 pamwamba pa nyumba za anthu amene anawagonjetsa, moti munthu amayenda m'misewu yakale imene inafunditsidwa denga n'kusanduka mapanga. Akatulukira pamwamba, dziko limatambasuka: zitunda zotsatizana mpaka kuzimirira m'nkhungu, mitengo ya azitona ya masamba otuwa, madenga ofiira ngati katondo wa ku Mazowe, ndi mzinda wa Assisi utakangamira m'mbali mwa phiri la Subasio. Buledi wa kuno alibe mchere. Eni ake amati makolo awo anaukana mu 1540 pamene papa anaukweza msonkho. Khofi amamwa chiimirire, m'kakapu kosakwana mkamwa kawiri. Madzulo banja lonse limavala bwino n'kuyamba kuyenda mumsewu wa Corso Vannucci, kupita uko n'kubwerera, osagula kanthu, osathamangira kulikonse. Mwambo umenewu amautcha passeggiata. Kwa munthu amene anakulira kumene nthawi inkalamulidwa ndi chitsulo chopachikidwa pamtengo, chimene kapitawo ankachimenya kusanache, kuona anthu athanzi akuyenda popanda wowatuma kumatenga masiku kuti kulowe m'mutu.

Mlendo aliyense amaona zimenezi. Kalumo ka mtsikanayu kamayamba kugwira ntchito pa Fontana Maggiore.

Ameneyu ndi kasupe womangidwa pabwalo lalikulu la mzinda, amene anamalizidwa mu 1278 ndi mmisiri Nicola Pisano ndi mwana wake Giovanni. Odzaona malo amajambulitsa atamufulatira. Iye akumuzungulira pang'onopang'ono, chifukwa m'munsi mwake, pamiyala yoyera, anasemapo miyezi ya chaka, mwezi uliwonse ndi ntchito yake. Juni akumweta tirigu. Julaye akupuntha. Ogasiti akuthyola nkhuyu. Seputembala walowa m'chombo, akuponda mphesa ndi mapazi. Novembala ali kumbuyo kwa ng'ombe, mnzake akufesa. Disembala wapachika nkhumba miyendo m'mwamba. Apa mtsikanayu safuna womumasulira. Msana wowerama wa womweta uja ndi msana wa amayi ake. Akhoza kusema kasupe wotere wa kwawo osafunsa munthu: Juni kufesa nazale, Seputembala ndi Okutobala kuwokera, Novembala kupalira ndi kuthira feteleza, Disembala mpaka Febuluwale kuthyola, kusoka ndi kuwamba, kenaka kusankha masamba ndi kudinda mabelo misika isanatsegulidwe mu Malichi. Chomudabwitsa n'chakuti mzinda wolemera, pofuna kudzionetsa kwa mizinda inzake zaka 700 ndi kupitirira zapitazo, unaona kuti munthu wogwira zenga ndi woyenera kukhala pamwala umodzi ndi aneneri ndi oyera mtima. Amene anamanga matauni a fodya a Mashonaland sanaganizepo zotero.

Chisanu chikalowa amakumana ndi polenta. Ndi nsima, palibenso dzina lina. Ufa wachimanga amauvundula mumphika wamkuwa kwa nthawi yaitali, n'kuukhuthulira pathabwa, ena n'kumaudula ndi ulusi. Chimanga chinafika ku Italy m'zaka za m'ma 1500 ndipo chinasanduka chakudya cha osauka a kumpoto, amene ankachidya chopanda ndiwo mpaka ambiri kudwala pellagra, nthenda yosupula khungu. Kusiyana kwake ndi mtundu: polenta ndi yachikasu. Ku Zimbabwe ufa wachikasu amautcha Kenya, ndipo amayi a mtsikanayu akauona amakumbuka chilala cha 1992. Mbale imene kuno amaiika pagome monyadira, kwawo imanunkha njala.

Tsiku limene limamusintha ndi la ulendo wopita kumpoto, m'chigwa cha mtsinje wa Tiber, ku tauni ya Città di Castello. Akuyang'ana pawindo, ndipo mtima ukugunda asanadziwe chifukwa chake. M'minda ya m'mbali mwa msewu mwaima mapesi ataliatali othyoledwa masamba mpaka kunsonga. Ndi fodya. Palibe anamuuza kuti Italy ndiye amalima fodya wambiri kuposa mayiko onse a European Union, ndi kuti chigwa chimenechi ndi chimodzi mwa zigawo zake zazikulu. Kuno amalima Virginia yemweyo wa ku Mashonaland, komanso Kentucky, wowamba ndi utsi wa nkhuni ngati chikopa cha ku Malawi, amene amapangira ndudu zonenepa zotchedwa Toscano.

Kumalire a tauniyi kuli mashedi akuluakulu opakidwa utoto wakuda bii. Amatchedwa Ex Seccatoi del Tabacco, kutanthauza malo amene kale ankaumitsiramo fodya. Munthu wa pakomboni akalowamo amayamba wayang'ana kudenga, kufuna mikangala. Kutalika kwa chipupa akukumvetsa, chifukwa fodya amafuna kupachikidwa m'mizere yosanjikizana kuti mpweya uziyenda. Agogo ake aamuna anali wowotcha mabalani. Kwa sabata yathunthu sankagona tulo teniteni. Ankadzuka usiku kusonkhezera moto, n'kukoka chingwe cha chipangizo choyezera kutentha kuti aone pamene chafika. Masiku oyamba moto umakhala wofatsa kuti tsamba lisanduke lachikasu, kenaka umakwezedwa pang'onopang'ono kuti mtunduwo ukhazikike ndi tsamba liume, pomaliza ndiye moto waukali woumitsa msempha wapakati. Ukafulumira, tsamba limauma lili lobiriwira. Ukachedwa, limada. Tsamba limodzi louma likagwera pachitoliro chotentha, balani yonse imapita ndi moto, ndipo mlandu umagwera wowotcha. Luso limeneli linalibe satifiketi, ndipo m'buku la malipiro mwini wake ankalembedwa ngati wantchito wamba.

Mashedi a ku Città di Castello ali ndi mbiri imene agogowo akanaimva bwino kuposa mapulofesa. Pa 4 Novembala 1966 mtsinje wa Arno unasefukira n'kumiza mzinda wa Florence, ndipo mabuku ankhaninkhani a mulaibulale yaikulu ya dzikolo anamira m'matope. Ena mwa mabukuwo anawatengera kuno, m'nyumba za fodya, chifukwa kunali zipangizo ndi anthu odziwa kuchotsa chinyezi m'tsamba popanda kulithetheula. Nzeru za alimi a fodya zinapulumutsa nzeru za m'mabuku.

Ntchito ya fodya itatha m'mashedimo, analowamo Alberto Burri, mwana wa tauni yomweyo. Anabadwa mu 1915, anaphunzira udokotala, anagwidwa pankhondo ku Tunisia mu 1943, ndipo anayamba kujambula ali mkaidi ku Hereford, ku Texas. Atabwerera kwawo sanagwirenso ntchito yachipatala. Kuyambira mu 1990 mashedi akudawo ndi nyumba yoonetseramo zojambula zake zikuluzikulu. Koma zimene zimamuimitsa mtsikana wathu zili m'nyumba ina pakati pa tauni, ku Palazzo Albizzini: ziguduli. Burri ankatenga masaka akutha, ong'ambika ndi othimbirira, n'kuwasoka pamodzi, n'kuwapachika pakhoma ngati chithunzi.

Poyamba mtima umamuwawa. Pakomboni chiguduli chinali chitseko, chinali mphasa ya ana, chinali chofunda cha mu Juni, chinali chodziphimba kumutu mvula ikagwa anthu ali pamzere. Mabelo a fodya amakulungidwa m'chiguduli. Munthu amene anagonapo pachiguduli chifukwa chosowa bulangete sangakondwe msanga kuona anthu ovala majasi okwera mtengo akuchiyang'ana atapinda manja kumbuyo. Akayandikira ndiye amaona masokedwe. Ulusi wadutsa mwadongosolo m'mphepete mwa chibowo chilichonse, monga amasokera bala. Amene anasoka apa anaona mabala a anthu, ndipo anabwerera kudziko losauka, lophwasuka ndi nkhondo, limene nalonso linkadya za m'masaka a chithandizo. Chiguduli chimenechi sichikunyoza wosauka. Chikuchitira umboni kuti umphawi unalipo ndipo anthu anausoka n'kupitiriza moyo. Makilomita ochepa kumpoto, ku San Giustino, kulinso nyumba yosungiramo mbiri ya fodya, imene imakumbukira amayi otchedwa tabacchine, amene ankakhala m'mizere tsiku lonse kusankha masamba. Zala zawo pazithunzi n'zofanana ndi zala za kumashedi a ku Trelawney.

Apa m'pamene kalumo kamatembenuka n'kuyamba kumeta kwawo. M'misewu ya ku Mvurwi ndi Banket mabalani a njerwa adakaimabe, ena akufuka utsi, ena anagumuka. Fodya sanathe. Chigawireni minda kuyambira mu 2000, alimi ang'onoang'ono ambiri analowa ulimiwu, ndipo mu 2023 dziko la Zimbabwe linagulitsa makilogalamu 296 miliyoni. Palibe wanzeru amene angalakelake kubwerera kwa masiku a lamulo la Masters and Servants la 1901, limene linapanikiza antchito a m'mapulazi kwa zaka pafupifupi 80, pamene mwini pulazi anali bwana, woweruza ndi mwini sitolo nthawi imodzi. Koma pogawa mindayo, antchito amene anaipeza anali ochepa kwambiri. Ambiri anatsala m'makomboni kumadalira maganyu kwa eni minda atsopano, ena anapita kokumba golide ku Mazowe ndi Shamva. Nyumba za pakomboni zinali za mitengo ndi dothi, ndipo dothi likasiyidwa mvula ziwiri limabwerera kumene linachokera. Mbiri ya azungu a m'mapulazi inalembedwa m'mabuku ambiri. Mbiri ya nkhondo ya ufulu ili ndi zipilala zake. Ya anthu amene anawamba fodya womanga Salisbury, Harare wa lero, ili m'mitu ya nkhalamba zimene zikutha chaka ndi chaka, ndipo limeneli ndi tsoka loti likanapewedwa ndi balani imodzi yokha yosungidwa bwino, yokhala ndi maina pakhoma.

Si kuti Italy anakhala wachifundo kwa alimi ake. Zitunda zokongola za ku Umbria ndi Tuscany, zimene zimadzaza makalendala, zinakonzedwa ndi mabanja olima pansi pa mezzadria, dongosolo limene mlimi ankagawana zokolola pakati ndi pakati ndi mwini malo. Wa ku Thyolo amene anamva za thangata, kapena tenanti wa ku Kasungu, sangavutike kulimvetsa. Lamulo loletsa mapangano atsopano otere linabwera mu 1964. Nyumba zamiyala zimene mabanjawo ankagona pamwamba ng'ombe zili pansi, lero ndi malo ogona alendo olemera.

Ku Florence, pamaso pa ziboliboli za Michelangelo, mtsikanayu sachita mantha monga anzake amayembekezera. Chimene chimamukoka si chiboliboli chosalala cha David, koma anthu anayi osamalizidwa amene ali m'khonde lopita kwa iye, ooneka ngati akulimbana kuti atuluke m'mwala. Zotere anaziona ali mwana. Kumpoto kwa Mvurwi, cha ku Guruve, kuli Tengenenge. Mu 1966, malonda a fodya atasokonekera chifukwa cha zilango zimene mayiko anaikira boma la Ian Smith, mlimi Tom Blomefield ndi antchito ake anayamba kusema miyala ya m'mapiri a Great Dyke. Ambiri mwa osema oyambirira anali Achewa ndi Ayao a m'makomboni, monga Lemon Moses wa ku Malawi ndi Fanizani Akuda, wobadwira ku Zambia mu 1932, wodziwika ndi nkhope zomwetulira za maso otsinzina. Dziko lapansi linazitcha ziboliboli za Ashona. Henry Munyaradzi, amene anayambira ku Tengenenge komweko, ntchito zake zinaonetsedwa ku Venice mu 1990, ndipo kuyambira mu 2011 Zimbabwe amakhala ndi malo akeake pachionetsero chachikulu cha mumzindawo. Mwala wina wa kwawo amakumana nawo mosayembekezera, m'sitolo yogulitsa zomangira makhitchini: wakuda, wonyezimira ngati galasi, wolembedwa kuti Nero Zimbabwe. Ndi mwala wa ku Mutoko, umene umachoka m'zibuma zikuluzikulu pamalole, n'kukadulidwa ndi kupukutidwa kunja. Mtengo wake weniweni umabadwira kumene waupukutirako.

Tchuthi cha chilimwe chikafika, ophunzira osauka amafunafuna ganyu, ndipo mtsikanayu amamva mawu atsopano: caporale. Ameneyu ndi munthu amene amasonkhanitsa antchito obwera, kuwanyamula pagalimoto kupita nawo kuminda ya tomato, n'kumawadula ndalama ya ulendo, ya madzi ndi ya chakudya pa malipiro owerengera mabokosi amene munthu wadzaza. Liwuli limachokera ku capo, mutu. Kapitawo wathu anachokera ku capitão wa Chipwitikizi, ndipo muzu wake ndi womwewo. Malipiro a pabokosi ndi mugwazo wa m'mapulazi wovala malaya ena. Amene anagwedeza dongosolo limeneli anali wophunzira mlendo. Yvan Sagnet wa ku Cameroon ankaphunzira uinjiniya pa Politecnico di Torino, ndipo mu 2011 anapita ku Nardò, m'chigawo cha Puglia, kukathyola tomato kuti apeze ndalama za sukulu. Zimene anaona zinamuchititsa kutsogolera sitalaka ya antchito obwera. Chaka chomwecho boma linaika ukapitawo wotere m'gulu la milandu, ndipo mu 2016 lamulolo linakhwimitsidwa kuti lizigwira ndi mwini munda yemwe. Eni dziko ankadya tomato ameneyo tsiku ndi tsiku. Anafunika mlendo kuti awauze mmene amafikira m'chitini. Bala silinapole: mu Juni 2024, pafupi ndi Latina, Satnam Singh wa ku India anadulidwa mkono ndi makina, anatayidwa pakhomo pa nyumba yake m'malo mothamangira naye kuchipatala, ndipo anamwalira.

Nkhani ya mapepala ndiye amaidziwa kuyambira kubadwa. Wophunzira wochokera kunja kwa European Union amayenera kupempha chilolezo chokhalira m'dzikomo, permesso di soggiorno, pasanathe masiku 8 antchito chifikireni, kutumiza mafomu ku positi ofesi, kenaka kukaima pamzere kupolisi kukadinda zala. Anzake a m'kalasi amadandaula. Iye amangoyang'ana mzerewo n'kukumbuka amayi ake. Mu 2001 Zimbabwe anasintha lamulo la unzika, ndipo anthu obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anauzidwa kuti akane unzika wa mayiko amene ambiri sanawaonepo. Ochuluka anataya ufulu wovota, ndipo zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma mayi wopanda chitupa amavutika kutengera mwana wake kalata yakubadwa, ndipo wopanda kalatayo amavutika kulemba mayeso a boma. Pamzere wa ku Perugia akhoza kuima ndi mnyamata wobadwira m'chipatala cha mumzinda womwewo, woyankhula Chitaliyana cha pamsewu, amene lamulo la 1992 limamuuza kuti adikire zaka 18 asanapemphe unzika chifukwa makolo ake ndi obwera. Mu Juni 2025 anthu a ku Italy anaitanidwa kuvota ngati zaka zimene mlendo amadikira zichepetsedwe kuchoka pa 10 kufika pa 5. Ovota sanakwane, ndipo nkhaniyo inagwa.

Chowawitsa mtima n'chakuti Ataliyana nawo ndi mtundu wa matchona. Pakati pa 1876 ndi 1976 anthu oposa 25 miliyoni anachoka m'dzikolo kukafuna ntchito. Mu Ogasiti 1956 mgodi wa malasha wa Marcinelle ku Belgium unapsa, ndipo mwa anthu 262 amene anafa, 136 anali Ataliyana. M'chaka chomwecho anzawo ena anali ku Kariba, kumalire a Mashonaland West, kumene kampani ya Impresit inkamanga damu pamtsinje wa Zambezi pamodzi ndi antchito akuda zikwizikwi, a ku Nyasaland ali momwemo. Khomalo, lotalika mamita 128, linatha mu 1959. Anthu 86 anafera pantchitoyo, ndipo pamwamba pa phiri Ataliyana anamanga tchalitchi cha St Barbara chowakumbukira. Mtsikanayu akauza anzake a ku Perugia za tchalitchi chimenechi, ambiri amakhala akumva koyamba.

Lamlungu madzulo amaimba foni kunyumba. Mng'ono wake amathamanga nayo kwa agogo aakazi, amene akhala pakhonde kusenda nyemba.

"Mwaswera bwanji agogo?"

"Ndaswera, kaya iwe mayi? Mvula yagwa kumeneko? Amalima chiyani anthu ake?"

Amawauza za fodya wa m'chigwa cha Tiber, ndipo agogowo amaseka, osakhulupirira kuti mzungu kwawo amathyola yekha. Amawauza za mashedi akuda, kuti ndi aatali kuposa mabalani a papulazi paja, ndi kuti masiku ano amapachikamo zithunzi.

"Nanga amene ankasankha fodyayo anapita kuti?"

"Anakalamba, agogo. Ambiri anamwalira. Koma zithunzi zawo anazisunga m'nyumba ina, anthu amapita kukaziona."

Kumbali inayo kumakhala zii kwa kanthawi, kumangomveka nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo. Kenaka agogo amayamba kutchula amayi amene ankakhala nawo benchi imodzi m'shedi yosankhira fodya, mmodzimmodzi, aliyense ndi mfunda wake ndi mudzi umene anachokera: uyu wa ku Linthipe, uyu wa ku Ulongwe, uyu anabwera ali kumsana, uyu anaikidwa kuseri kwa damu la papulazi. Mtsikanayo akufufuza m'thumba la jasi, wapeza tikiti yolowera ku Ex Seccatoi, waitembenuza, ndipo akulemba kumbuyo kwake ndi zilembo zing'onozing'ono kuti onse akwane. Afika pa dzina lachisanu ndi chinayi pamene mayunitsi akutha.